Mafuta a Nsatsi ndi Mafuta a Duwa Lacilendo

Kale, masitolo asanafike m'cigwa ca Luangwa, akazi a Cikunda a m'maiko a Mfumu Nsefu, Jumbe ndi Kakumbi anali kudzola mafuta a nsatsi. Anali kukazinga mbeu zace m'phale, nazisinja mu mtondo, naziphika m'madzi kufikira mafuta atayandama pamwamba. Mafutawo ndiwo anali kufewetsa khungu m'nyengo ya dzuwa.

Masiku ano m'mabotolo ena a zodzola muli mafuta a duwa lochedwa marigold. Mtundu wace umodzi ndiwo Tagetes minuta, comera conunkha ca timaluwa tacikasu, cimene cimamera cokha m'minda ndi m'mbali mwa miseu. Kwao ndi ku South America. Cinafalikira m'South Africa pa nkhondo ya Mangelezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902, pamene mbeu zace zinabwera m'udzu wodyetsa akavalo a asilikari. Pokumbukira zobvala za asilikariwo, anthu a kumeneko anacicha khakibos. Pambuyo pace alimi a ku South Africa ndi Zimbabwe anayamba kucheza masamba ndi maluwa ace monga achezera kacasu, natulutsa mafuta ogulitsa kwa opanga zonunkhiritsa ku Ulaya.

Koma mafuta amenewa ali ndi ngozi. Akakhala pakhungu, dzuwa n'kuwomba, khungulo limapsa ndi kucita matuza. Cifukwa cace malamulo a ku Ulaya salola kupitirira dontho limodzi m'madontho 10,000 a mafuta odzola. Motero m'cigwa cotentha ca Mambwe munthu wanzeru sadzola mafuta a duwali okhaokha monga makolo anali kudzolera nsatsi.