Nthambo yaitali yochokera ku Shire: mbiri ya magetsi a ku Mzimba

Magetsi akathima pa Boma la Mzimba, chigayo chimaleka kulira chimanga chili m'kati. Mayi amene anali kutsogolo kwa mzere amayala chitenje pafupi ndi thumba lake n'kukhala pansi. Wowotcherera mafelemu a zitseko amavula magalasi ake akuda, ndipo wometa amapepesa kasitomala amene mutu wake wametedwa mbali imodzi. Pakudikira kotero sipalephera kutuluka nkhani yomwe yakhala ikumveka zaka zambiri pa Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni: akuti ku Blantyre kuli munthu amene magetsi akachepa amayamba wathimitsa kumpoto, ena onse pambuyo.

Munthuyo alikodi, ndipo sagona usiku. Ku Blantyre kuli chipinda chimene mainjiniya a bungwe la ESCOM amasinthana usana ndi usiku, maso ali pa makompyuta osonyeza nthambo zikuluzikulu za dziko lonse. Koma ntchito yawo si yosankha chigawo choti chilangidwe. Magetsi a m'nthambo sasungika ngati chimanga m'nkhokwe, amene apangidwa mphindi ino ayenera kugwiritsidwa ntchito mphindi yomweyino. Anthu akamakoka ochuluka kuposa amene makina akupanga, makinawo amayamba kulemedwa, liwiro lake limatsika pansi pa muyezo wa 50 Hz, ndipo woyang'anira akachedwa kudula madera ena, makina amadziteteza okha pozima, dziko lonse n'kukhala mumdima. Kuti timvetse chifukwa chake Mzimba imamva ululu umenewu kwambiri, tiyenera kutsata nthambo kubwerera kumene inachokera.

Kumpoto kunaona nyali ya magetsi kale ndithu. Mu 1905 amishoni a ku Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anayamba kupanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Manchewe. Anali a pamishoni pokha. Ku Loudon, komwe lero timati ku Embangweni, mishoni imene Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902, ndi m'midzi yonse ya Inkosi ya Makosi M'mbelwa, usiku unali wa nyali ya parafini ndi moto wa nkhuni kwa zaka zambiri zotsatira.

Chimene chinasankha tsogolo la magetsi a dziko lino ndi mathithi a mtsinje wa Shire, pakati pa Matope ndi Chikwawa, pomwe madzi amatsika mamita ambirimbiri pa mtunda waufupi. Mu 1965 anamanga Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti aziwongolera madzi otuluka m'nyanja. Chaka chotsatira, 1966, siteshoni ya Nkula A inayamba kugwira ntchito ndi mamegawati 24. Tedzani I inabwera mu 1973, Tedzani II mu 1977, Nkula B inayamba mu 1980 n'kukulitsidwa mpaka mamegawati 100, Tedzani III m'zaka za m'ma 1990, kenako Kapichira mu 2000, yomwe gawo lake lachiwiri linatha patapita zaka zoposa khumi. Onsewa ali pa mtsinje umodzi, motsatizana ngati mikanda pa ulusi. Kumpoto kunangopatsidwa Wovwe ku Karonga mu 1995, kasiteshoni kosafika mamegawati 5, kosakwanira ngakhale mzinda wa Mzuzu wokha.

Amene ankakonza mapulani masiku amenewo anali ndi zifukwa zawo. Mafakitale anali ku Blantyre, minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, nzimbe ku Nchalo. Komabe iwo ankadziwa chinthu chimodzi chomwe chinayenera kuwasowetsa tulo: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka m'nyanjamo. Dziko linaika chiyembekezo chake chonse pa mtsinje umene unaumapo kale anthu akuona, ndipo maboma osiyanasiyana anabwera n'kupita osasintha zimenezi.

Motero babu loyaka m'sitolo pa Mzimba limadya magetsi amene ayenda makilomita oposa 500. Nthambo yaikulu ya 132kV yopita kumpoto imadzera m'mbali mwa nyanja, ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa mpaka ku Chintheche, ndipo kuchokera kumeneko nthambo zocheperapo zimakwera mapiri a Viphya kukafika ku siteshoni monga ya ku Chikangawa. Kuchoka m'masiteshoni otere magetsi amayenda pa mapolo amitengo, kudutsa m'nkhalango ndi m'madambo. Polo lamtengo lili ndi adani ambiri: chiswe, moto wolusa wa mu Okutobala, mphenzi, mtengo wa paini wogwa ndi mphepo, ndiponso akuba amene amaboola thiransifoma kuti atenge mafuta ndi waya. Nthambo ikatalika mphamvu yake imafookanso, n'chifukwa chake nthawi zina madzulo babu limangofiira ngati khala, mota ya chigayo n'kumang'ung'udza osazungulira. Kuthima kochuluka kwa kuno kumayambira pa mapolo amenewa, woyang'anira wa ku Blantyre asanakhudze chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti nthambo zofookazi zinkadyetsanso alendo. Kwa zaka zambiri tauni ya Lundazi, tsidya lina la malire ku Zambia, inkayatsa magetsi ogula ku Malawi, pamene midzi yambiri ya mbali ino inali isanaone polo. Ntchito ya MAREP yofikitsa magetsi kumidzi, yomwe inayamba mu 1980, yakhala ikuyenda pang'onopang'ono, malo amalonda amodzi lero, ena patapita zaka. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankawunikira ndi magetsi a m'nthambo. Ku Mzimba mpata umenewu unatsekedwa ndi anyamata a ku Joni, amene pobwera amanyamula sola ndi batire pamodzi ndi malata.

Chaka cha 2017 chinayamba ndi kusintha kwa mayina. Ntchito yopanga magetsi inachoka ku ESCOM n'kupita ku kampani yatsopano ya boma, EGENCO, ndipo ESCOM inatsala ndi nthambo ndi makasitomala. Kusinthaku kunapeza nyanja itatsika chifukwa cha chilala cha zaka ziwiri zotsatizana. Pofika kumapeto kwa chakacho, makina amene akanatha kupanga mamegawati pafupifupi 350 ankatulutsa osafika theka, ndipo madera ena ankakhala tsiku lathunthu opanda magetsi. Mu 2018 nthambo yatsopano ya 132kV yochoka ku Chintheche kudzera ku Luwinga mpaka ku Bwengu inatha, ndi ndalama za boma la America, koma nthambo imangonyamula zimene yapatsidwa.

Kenako kunabwera usiku wa mu Januwale 2022. Namondwe wochokera ku Mozambique anakhuthula mvula kuchigawo chakummwera, pa mapiri amene mitengo yake inapita kale m'matumba a makala. Madzi anatsika ndi matope, zitsa, zinyalala ndi namasupuni. Pa khomo lolowera madzi m'makina pamakhala sefa yachitsulo, ndipo ikatsekeka, woyang'anira siteshoni sachitira mwina koma kuzimitsa, apo ayi awononga makina a ndalama zankhaninkhani. Masiteshoni anazima motsatana, dziko lonse linachita bii. Ku Nkula ndi ku Tedzani antchito anachotsa zinyalala, makina n'kuyambanso patapita masiku ochepa. Ku Kapichira madzi anagumula khoma la damu, mtsinje n'kudzipezera njira yatsopano yolambalala makina. Mamegawati 129.6 anachoka usiku umodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse ochokera ku madzi.

Kuyatsanso dziko lomwe lazimiratu ndi ntchito yofuna kuleza mtima. Makina amodzi amadzutsidwa, n'kupatsidwa katundu wochepa, kenako ena, ndipo nthambo zimalumikizidwa chigawo ndi chigawo kuchokera pafupi ndi mtsinje kupita kutali. Akafulumira, zonse zimagwanso. Apa ndi pomwe nkhani ya pachigayo ija ili ndi kachoonadi kake, chifukwa amene ali kumapeto kwa nthambo ndiye amayatsidwa mochedwa. Malawi analibenso mnansi womubwereka mphamvu yochuluka, poti nthambo zake zikuluzikulu zinali zisanalumikizidwe ndi za mayiko oyandikana nawo. Kapichira anakhala chizimire kupitirira chaka, mpaka mu 2023, ndipo miyezi yonseyo eni zigayo ena ku Mzimba ankagaya usiku, nthawi imene ndandanda yawapatsa magetsi, ena n'kubwerera ku injini za dizilo.

Zina zasinthako. Magetsi a dzuwa a ku Salima, mamegawati 60, anayamba mu 2021, a ku Golomoti ndi ku Nkhotakota anatsatira, ndipo kunayambika ntchito ya nthambo ya 400kV yochoka ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka. Koma dzuwa limalowa nthawi yomwe anthu ayamba kuphika ndi kuyatsa mawailesi a kanema, ndipo pa ola limenelo woyang'anira amayang'anabe ku Shire.

Mtsinje wa South Rukuru umayambira kummwera kwa boma la Mzimba lomweli. Umalandira madzi a mtsinje wa Mzimba, n'kulowera kumpoto, kudutsa ku Rumphi, kenako n'kutsetsereka kukagwera m'nyanja. Pa mathithi a Fufu, pafupi ndi mathero ake, akatswiri ayeza madzi kangapo ndi kulemba malipoti osonyeza kuti pangamangidwe siteshoni yaikulu. Mpaka lero madzi a mvula ya ku Embangweni amadutsa pamenepo osazunguza makina alionse, n'kukalowa m'nyanja, momwe ochuluka amauma ndi dzuwa, otsalawo n'kukatulukira ku Mangochi ulendo wa ku Nkula.