Mbiri ya Tirigu Wopirira Mchere ku Australia

M'zaka za m'ma 1970, katswiri wina wa ku University of Sydney anakwatitsa tirigu wa durum ndi tirigu wamakedzana wotchedwa einkorn. Ankafuna mbewu yopirira chiwawu. Za mchere sankaziganizira n'komwe. Patapita zaka zoposa 20, Rana Munns ndi anzake a ku CSIRO anapeza kuti mbewu ina yochokera pamenepo, Line 149, inali ndi sodium wochepa kwambiri m'masamba.

Ntchito yaikulu imachitikira m'mizu. Jini ya Nax2 imachititsa maselo ozungulira timitsempha ta madzi kuchotsamo sodium madziwo asanakwere kumasamba, komwe amawononga. Mchere umalowabe, koma wambiri umatsalira m'mizu momwemo.

Jiniyi itaikidwa mu tirigu wa Tamaroi, zotsatira za mu 2012 zinasonyeza zokolola zokwera ndi 25 peresenti m'munda wamchere. Chosangalatsa n'chakuti pa nthaka yabwino zokolola sizinatsike.