Pulogalamu imene yasiya kukana

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, ndalama za matemba ndi makumba masiku ano zimadutsanso pa foni, kudzera ku Airtel Money kapena TNM Mpamba. Wogeni akaphonya nambala yachinsinsi kangapo, akaunti imatsekedwa, ndipo amakwiya poti bwato lafika kale. Mkwiyowo ndi womveka, koma kukanidwako ndi kumene kumateteza mpamba wake.

Akatswiri a makompyuta amasiyanitsa zinthu zitatu zimene ife timaziphatikiza. Kudzitchula ndi kunena kuti ndine uje, ndipo ntchitoyi imagwira nambala ya foni, yomwe msika wonse ukuidziwa. Kutsimikizira ndi kupereka umboni woti ndinudi, monga PIN kapena mawu achinsinsi. Chilolezo chimabwera pambuyo: mwalowa, tsono mungakhudze chiyani?

Pa kutsimikizira m'pamene pali ngozi. Pulogalamu yolembedwa bwino sisunga mawu anu achinsinsi momwe alili. Imawasandutsa mndandanda wa zilembo ndi manambala wotchedwa hash, wovuta kuubweza, ndipo mukalemba mawu anu imawasandutsanso n'kuyerekeza ziwirizo. Kuyerekezako kukangosokonekera, aliyense amalowa.

Zinachitikapo. Mu June 2011, kampani ya Dropbox, yosungira anthu mafayilo pa intaneti, inasintha pulogalamu yake, ndipo kwa maola pafupifupi anayi mawu alionse ankatsegula akaunti ya munthu. Mu 2012 zinadziwika kuti pa makompyuta ena, pulogalamu yosungira deta ya MySQL inkavomereza mawu olakwika pafupifupi kamodzi pa maulendo 256. Wakuba ankangofunika kubwerezabwereza. Mu November 2017, pa makompyuta oyendera pulogalamu ya macOS High Sierra munthu ankalemba dzina loti root, osalemba mawu achinsinsi ngakhale amodzi, n'kukhala ndi mphamvu pa kompyuta yonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti vutoli silidziulula. Mwini akaunti amalowa bwinobwino tsiku lililonse, choncho palibe wodandaula. Wolemba pulogalamu nayenso akangoyesa ndi mawu olondola, amaona ngati zonse zili m'chimake. Kuyesa kwenikweni n'kolemba dala mawu olakwika, kusiya malowo opanda kanthu, ngakhalenso kudula netiweki pakati pa ntchito kuti tione ngati pulogalamu ikasokonezeka imatseka kapena imatsegula.

Gulu la banki m'khonde kapena komiti ya asodzi, wina akabwera ndi pulogalamu yosungira mabuku a ndalama, ali ndi ufulu womuuza kuti alembe nambala yabodza pamaso pa onse, msungichuma akuyang'ana, asanaikemo dzina la membala ngakhale mmodzi.