Bwalo Lakale la Ndeke la ku Lusaka

Anthu a ku Kafue anayamba kudziwa sitima, ndeke inadza pambuyo. Ulalo wa njanji wa pa mtsinje wa Kafue unatha m'caka ca 1906, ndipo kwa zaka zambiri katundu wa kumigodi anali kuoloka pamenepo. Koma inafika nthawi imene ulalowo unalephera kuthandiza dziko, ndipo cimene cinathandiza ndico bwalo laling'ono la ndeke la mumzinda wa Lusaka, mtunda wosakwana mamailosi 30 kucokera ku Kafue.

Mabwalo oyamba a ndeke m'dziko lino analambulidwa m'caka ca 1919, pamene Angelezi anafuna njira ya m'mlengalenga yocokera ku Cairo kufikira ku Cape Town. Ogwira nchitoyo anali amuna a m'midzi, ndipo zipangizo zao zinali nkhwangwa ndi makasu. Anagwetsa mitengo, nazula zitsa, nagumula zulu zazitali, nasenza dothi lace pamutu. M'caka ca 1920 van Ryneveld ndi Brand anatera ndi ndeke yao pa Ndola ndi pa Livingstone. Maina a Azungu awiriwo analembedwa m'mabuku, koma a olambula aja sanalembedwe.

Pamene Boma linasamuka ku Livingstone ndi kukhazikika ku Lusaka m'caka ca 1935, mzinda watsopanowo unali ndi bwalo lace la ndeke pafupi ndi nyumba za Boma. Kuyambira m'caka ca 1946 ndeke za Central African Airways zinali kutera pamenepo. Zina mwa izo zinali zazing'ono, za mtundu wa Beaver, zimene zinali kunyamula makalata ndi anthu owerengeka kupita ku Mongu ndi ku maboma ena akutali, kumene galimoto inali kutitimira m'mcenga kapena m'matope a dzinja.

Tsono mayeso akuru anafika caka cimodzi dziko litalandira ufulu. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatula kwa Angelezi, ndipo m'mwezi wa December mafuta amene anali kudza ndi njanji yocokera kumwera analeka kubwera. Ngolo za petulo sizinaonekenso pa ulalo wa Kafue. Boma linayamba kugawa petulo mwa muyeso, ndipo kunali mantha akuti nchito ya migodi ya mkuwa, imene inali kudyetsa dziko lonse, ingaime.

Pamenepo ndeke za asilikari a Angelezi ndi a ku Canada zinayamba kutuluka ku maiko oyandikana nalo, zitasenza migolo ya mafuta, ndi kudzatera pa Ndola ndi pa bwalo laling'ono lija la Lusaka. Bwalolo silinamangidwire nchito yolemera yotero, koma linapirira. Anchito anali kugubuduza migolo ndi manja, ndeke ina ikanyamuka ina nifika. Mafuta ena anadza ndi malole pa mseu woopsa wocokera ku Dar es Salaam, umene unadya miyoyo ya oyendetsa ambiri, kufikira m'caka ca 1968, pamene mpope wa mafuta unafika ku Ndola.

M'caka ca 1967 bwalo lalikuru linatsegulidwa kum'mawa kwa Lusaka, limene mu 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda. Ndeke zazikuru zinasamukira kumeneko, ndipo bwalo lakale linatsala m'manja mwa asilikari a ndeke a Zambia, nyumba za mzinda nizilizinga mbali zonse. Ambiri odzera pafupi nalo sadziwa kuti m'miyezi ija ya masautso, petulo amene anayendetsa galimoto za ku Lusaka ndi ku Kafue anali kutsika kumwamba pa malo amenewo.