Mbizo: komboni yaikulu ya mzinda wa migodi wa Kwekwe

Mbizo ndi komboni yaikulu kuposa zonse mu mzinda wa Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Mzindawu uli cha pakatikati pa msewu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, ndipo pa kalembera wa 2012 unali ndi anthu oposa 100,000. Komboniyi inagawidwa m'zigawo zodziwika ndi manambala, kotero munthu akafunsidwa kumene amakhala amangoyankha kuti ku Mbizo 4 kapena ku Mbizo 15.

Kwekwe anabadwa chifukwa cha golide. Mu 1894 azungu anatenga malo amene panadzakhala mgodi wa Globe and Phoenix, pomwe anthu akale a m'deralo ankakumba kale golide. Tauni imene inamera pambali pa mgodiwo inkalembedwa kuti Que Que mpaka patapita zaka zochepa dziko litalandira ufulu mu 1980. Pambuyo pa golide kunabwera fakitale ya zitsulo ya RISCO ku Redcliff, imene inadzatchedwa ZISCO, ng'anjo zosungunulira miyala ya chrome zimene lero ndi za Zimasco, ndiponso fakitale ya feteleza ya Sable. Malamulo a atsamunda sankalola anthu akuda kukhala m'madera a azungu, choncho antchito ankapatsidwa tinyumba m'makomboni: Amaveni, yomwe ndi yakale, kenako Mbizo.

Ambiri mwa antchitowo sanali a m'dzikolo. Anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ena wapansi, ena atalembedwa ndi mabungwe ofunira migodi antchito. Ochuluka anakwatira komweko ndipo sanabwererenso. Kwawo anatchedwa machona. Iwo anabweretsa Chinyanja ndi Chiyao, gule wamkulu amene Ashona amamutcha zvigure, komanso Chisilamu, ndipo mzikiti wa ku Kwekwe ndi imodzi mwa nyumba zodziwika kwambiri mumzindamo. Lero adzukulu awo amalankhula Chishona, koma maina monga Phiri ndi Banda amaulula kumene makolo awo anachokera.

Nkhani imene yavutitsa mabanjawa kwambiri ndi ya unzika. Ngakhale anabadwira m'Zimbabwe, ambiri anapatsidwa ziphaso zowasonyeza kuti ndi alendo. Lamulo la 2001 linalamula aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kuti akane unzikawo, ndipo anthu ochuluka anataya ufulu wovota pa chifukwa cha dziko limene sanalionepo. Malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la mu SADC. Komabe lamulo silipereka kalata yakubadwa kwa munthu amene makolo ake anamwalira alibe pepala lililonse, ndipo apa m'pamene mabanja ena akadali omangika.

Chuma cha komboniyi chinagwedezeka pamene ZISCO inasiya kupanga zitsulo mu 2008. Ntchito zolembedwa zitachepa, anthu anatembenukira ku malonda a m'misika ndi kukumba golide paokha. Okumbawa amatchedwa makorokoza. Ndalama zawo zimayendetsa magolosale, mabala ndi lendi ya nyumba, koma ntchitoyo imadza ndi ndewu za zikwanje ndiponso maenje amene afukula pansi pa mzinda. Mu Malichi 2023 pansi pa kalasi ina ya pasukulu ya pulaimale ya Globe and Phoenix panatitimira m'dzenje la okumba golide, ndipo ana angapo anavulala.

Pa ndale, Mbizo ndi dera loima palokha ku nyumba ya malamulo, ndipo kawirikawiri lakhala likusankha otsutsa boma. Pa 27 Febuluwale 2022 munthu mmodzi anaphedwa pamene gulu lina linaukira msonkhano wa chipani cha CCC ku Mbizo 4. Misonkhano ina ikuluikulu, mpira ndi zoimbaimba zimachitikira pa bwalo la Mbizo Stadium. Nyimbo za sungura n'zokondedwa kwambiri kuno, ndipo Tongai Moyo, mtsogoleri wa gulu la Utakataka Express amene anamwalira mu 2011, ankakhala ku Kwekwe.