Mbiri ya Makina Ocedwa Kulemba

M'misika ya ku Matero, Kanyama ndi Chawama muli anyamata amene nchito yao ndi kuika nyimbo ndi makanema pa fulashi. Nthawi zina kompyuta yao imangoima ngati yafa, ndipo wogula ayamba kung'ung'udza. Bvuto limeneli nlakale ndithu.

Kompyuta iri ndi nkhokwe ziwiri. Yoyamba, yochedwa RAM, njacangu koma imaiwala zonse magetsi akazima. Yaciwiri, disiki kapena fulashi, imasunga cikhalire koma imalandira pang'onopang'ono. Anthu a ku migodi adziwa cimene cimacitika ngolo za miyala zikafika pa shafuti msanga kupambana m'mene sikipu ikwezera: njira imadzala, nchito niima.

M'caka ca 1962 akatswiri a ku Manchester anatsegula makina ochedwa Atlas, amene anali kusamutsa okha zolembedwa pakati pa nkhokwe ziwirizo. Koma mu 1968 Peter Denning wa ku America anafotokoza kuti makina otere akapatsidwa nchito zambiri amatha nthawi yonse akusamutsa, osatsiriza kanthu.

Linux, imene Linus Torvalds anayamba ku Finland mu 1991, ndiyo iri m'kati mwa mafoni a Android ndi makompyuta ambiri. Inadzakhala ndi lamulo lotere: zoyembekeza kulembedwa zikafika magawo 10 pa 100 a nkhokwe yacangu, ziyambe kutsitsidwira ku disiki, zikafika magawo 20, wolembayo aumirizidwe kudikira. Lamuloli linali labwino pamene nkhokwe zinali zazing'ono. Zitakula, magawo 20 aja anasanduka mtolo woti fulashi yocedwa nkuusenza mphindi zambiri, nchito zina zonse zitaima.

Tsono mu 2012 inalowa njira ya Wu Fengguang, yoyesa liwiro la disiki ndi kupumitsa wolemba pang'ono pang'ono molingana nalo. Mu 2017 Jens Axboe anaonjeza yace, yakuti kulemba kusatsekereze kuwerenga. Pambuyo pace kunaoneka kuti cizindikiro cakale cimene cinali kucenjeza makina kuti njira yadzala cinali citaleka kugwira nchito bwino. Mel Gorman ndi Neil Brown anacotsa makonzedwe akalewo, ndipo pofika mu 2022 anali atatha.

Komabe cinthu cimodzi sicinasinthe. Kompyuta ikati yatsiriza, kawirikawiri zina zimakhala zikali m'nkhokwe yoiwala ija. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri mu Lusaka, ndipo pa makina opanda batire zosafika pa disiki zinali kutayika pomwepo. Cimodzimodzi wozula fulashi mwaphuma: amapita kwao ndi zithunzi za ukwati zoduka pakati. Cifukwa cace munthu wanzeru amayamba wauza makina kuti afuna kuicotsa, nadikira kufikira atamlola.