Michael Madigan

Michael Joseph Madigan (anabadwa pa 19 April 1942) anali loya komanso wandale wa chipani cha Democratic ku United States. Anali phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois kwa zaka 50, kuyambira 1971 mpaka 2021, ndipo pa zaka zimenezi 36 anali sipikala. M'mbiri ya dzikolo palibe wina amene anatsogolerapo nyumba ya malamulo kwa nthawi yaitali chotero. Kuyambira 1998 mpaka 2021 analinso wapampando wa chipani chake m'chigawocho. Malamulo akuluakulu a misonkho a ku Illinois a m'nyengo imeneyi anadutsa m'manja mwake, ndalama za kampeni za aphungu a chipani chake zinkadutsanso m'manja mwake, ndipo pambali pa zonsezi anali ndi kampani ya maloya yothandiza eni nyumba zikuluzikulu kuchepetsa msonkho. Mu February 2025 bwalo la milandu la boma lalikulu ku Chicago linamupeza wolakwa pa milandu 10 yokhudza ziphuphu ndi chinyengo.

Chiyambi chake

Madigan anabadwira ku Chicago ndipo anakulira kumwera chakumadzulo kwa mzindawo. Anaphunzira pa yunivesite ya Notre Dame, kenako zamalamulo pa yunivesite ya Loyola ku Chicago. Analowa ndale m'nthawi ya meya Richard J. Daley, pamene chipani cha Democratic mumzindawo chinkayenda pa ntchito za m'boma: munthu ankapatsidwa ntchito, ndiyeno pa nthawi ya chisankho ankayenda khomo ndi khomo kusakira chipani mavoti. Mu 1969 Madigan anakhala mtsogoleri wa chipani mu wodi 13, ndipo wodiyi inakhala phata la mphamvu zake mpaka mapeto. Anali mmodzi mwa nthumwi zimene zinalemba malamulo oyendetsera chigawo cha Illinois a mu 1970. Mwana wake, Lisa Madigan, anali loya wamkulu wa boma la chigawocho kuyambira 2003 mpaka 2019.

Udindo wa sipikala

Chigawo chilichonse cha United States chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo imene imaika misonkho ndi kuvomereza bajeti. Ya Illinois imakumana ku Springfield ndipo ili pawiri: nyumba ya aphungu 118 ndi nyumba ya maseneta 59. Sipikala wa kumeneko sali ngati wa ku Malawi kapena ku Zambia, amene amayembekezeka kusakondera mbali. Iye ndiye mtsogoleri wa chipani chimene chili ndi aphungu ambiri.

Madigan anakhala sipikala mu 1983. Anataya mpandowo kwa zaka ziwiri zokha, kuyambira 1995 mpaka 1997, pamene chipani cha Republican chinapambana ndipo Lee Daniels anaukhala. Malamulo a m'nyumbayo ankapatsa sipikala mphamvu yosankha apampando a makomiti, ndipo bilu iliyonse inkayamba yadutsa m'komiti ya malamulo a nyumba imene iye ankailamulira. Bilu imene sanaifune inkafera komweko osakambidwa. Sankakonda kulankhula ndi atolankhani, sankagwiritsa ntchito imelo kapena foni yam'manja, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Velvet Hammer, kutanthauza nyundo yokutidwa ndi nsalu yofewa.

Misonkho

Malamulo a 1970 aja amanena kuti msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza uzikhala pa mlingo umodzi kwa aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe. Choncho kukweza msonkhowu kumakhudza wovota aliyense, ndipo Madigan ankasamala kwambiri nthawi yoponyera voti yotere komanso aphungu oyenera kuiponya.

Mu 1989 anadutsitsa m'nyumba ya aphungu, mwadzidzidzi, bilu yokweza msonkhowu kuchoka pa 2.5 kufika pa 3 peresenti, ndalama zake zopita kusukulu ndi kumakhonsolo. Poyamba zinali za kanthawi, koma mu 1993 mlingowo unakhazikika.

Kukwera kwakukulu kunachitika mu January 2011, kutatsala maola ochepa kuti aphungu atsopano alumbiritsidwe. Msonkho wa munthu unachoka pa 3 kufika pa 5 peresenti, ndipo wa makampani unachoka pa 4.8 kufika pa 7 peresenti. Biluyo inadutsa ndi mavoti 60, omwe ndi ochepetsetsa ofunika, popanda voti ngakhale imodzi ya chipani cha Republican. Ena mwa amene anaivotera anali aphungu otuluka amene sakanakumananso ndi ovota. Bwanamkubwa Pat Quinn anaisaina. Lamuloli linali ndi malire a nthawi, ndipo pa 1 January 2015 msonkho wa munthu unatsika kufika pa 3.75 peresenti.

Mwezi womwewo Bruce Rauner wa chipani cha Republican, munthu wachuma kwambiri, anakhala bwanamkubwa. Rauner anati sangavomere kukweza msonkho pokhapokha aphungu atavomera kuchepetsa mphamvu za mabungwe a anthu apantchito ndi kuika malire a zaka zimene phungu angakhale pampando. Madigan anakana, nati zimenezo sizikhudza bajeti ndipo zingapweteke mabanja a anthu wamba. Kuyambira July 2015 chigawo cha Illinois chinakhala zaka ziwiri chopanda bajeti yathunthu. Mayunivesite a boma anachotsa antchito, mabungwe osamalira okalamba ndi osowa pokhala anatseka ntchito zina, ndipo ngongole zimene boma linali lisanalipire zinafika pafupifupi madola 15 biliyoni. Mkanganowu unatha pa 6 July 2017, pamene Madigan anasonkhanitsa mavoti 71, kuphatikizapo a aphungu ena a Republican, n'kugonjetsa kukana kwa bwanamkubwayo. Msonkho wa munthu unakhala 4.95 peresenti, wa makampani 7 peresenti.

Pa nkhani yoti olemera azilipira zambiri, zochita zake sizinali za mbali imodzi. Mu 2014 anapempha kuti msonkho wa makampani udulidwe pakati, ndipo chaka chomwecho anabweretsa ganizo loonjezera 3 peresenti pa ndalama zoposa madola 1 miliyoni zimene munthu wapeza pa chaka. Zonse ziwiri sizinakhale lamulo. Mu November 2020 ovota anakana kusintha malamulo a chigawocho kuti msonkho uzikwera malinga ndi kapezedwe ka munthu. Otsutsa kusinthako ankagwiritsa ntchito dzina la Madigan pouza anthu kuti andale a ku Springfield ngosadalirika pa ndalama.

Vuto limene silinathe m'nthawi yake yonse ndi la penshoni ya ogwira ntchito m'boma. Kwa zaka zambiri boma linkaika m'thumba la penshoni ndalama zochepera zofunika, ndipo pamene Madigan ankachoka, kupereweraku kunali kutaposa madola 130 biliyoni. Mu 2013 anathandiza kudutsitsa lamulo lochepetsa zina mwa zimene opuma pantchito amalandira, koma mu May 2015 bwalo lalikulu la chigawocho linalithetsa chifukwa malamulo a 1970 amaletsa kuchepetsa penshoni.

Kampani yake ya maloya

Kuyambira m'ma 1970 Madigan anali ndi kampani ya maloya yotchedwa Madigan & Getzendanner. Ntchito yake yaikulu inali kudandaulira eni nyumba zamalonda za mu Chicago kuti mtengo umene boma laika pa nyumba zawo utsitsidwe, kuti msonkho wawo uchepe. Ntchitoyi njololedwa, ndipo aphungu a ku Illinois amaloledwa kukhala ndi ntchito ina pambali.

Chovuta chili pa mmene msonkho wa nyumba umagwirira ntchito. Sukulu ndi makhonsolo amayamba anena ndalama zonse zimene akufuna, kenako ndalamazo zimagawidwa kwa eni nyumba malinga ndi mtengo wa nyumba iliyonse. Mtengo wa nyumba yosanja ya pakati pa mzinda ukatsitsidwa, ndalama zonse zofunika sizichepa. Gawo lake limagwera ena. Mu 2017 nyuzipepala ya Chicago Tribune ndi bungwe la atolankhani la ProPublica anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti m'dera la Cook County nyumba za anthu osauka zinkaikidwa mtengo wokwera kuposa woyenera, pamene zodula zinkapeputsidwa. Mkulu wa ofesi yoika mitengoyi, Joseph Berrios, anali mnzake wa Madigan pa ndale, ndipo anagonja pa chisankho chachipulula mu 2018. Madigan ankanena kuti ntchito yake ya uloya ndi ya usipikala sankazisakaniza.

Makampani

Otsutsana naye ankamunena kuti ndi munthu wa mabungwe a anthu apantchito ndi maloya oimira anthu ovulala, amene analidi m'gulu la omuthandiza kwambiri ndi ndalama. Komabe makampani akuluakulu ankapeza zimene akufuna akagwirizana naye. Usiku wa pa 30 June 1988 iye ndi bwanamkubwa James R. Thompson wa chipani cha Republican anayendayenda m'nyumba ya aphungu kusaka mavoti oti boma limange bwalo latsopano la timu ya baseball ya Chicago White Sox, imene inkafuna kusamukira ku Florida. Biluyo inkayenera kudutsa 12 koloko usiku isanakwane. Inalembedwa kuti yadutsa nthawi isanathe, ngakhale ambiri amene analipo amati mphindi zingapo zinali zitapitirira. Mu December 2011, pasanathe chaka chikwezereni msonkho wa makampani, nyumbayo inapeputsira misonkho makampani a CME Group ndi Sears, amene ankaopseza kuti achoka m'chigawocho.

Ndalama za kampeni

Kwa zaka zambiri Illinois inalibe malire a ndalama zimene munthu kapena kampani ingapereke kwa wandale. Malire oyamba anaikidwa ndi lamulo la mu 2009, bwanamkubwa Rod Blagojevich atachotsedwa pampando, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2011: madola 5,000 kwa munthu, 10,000 kwa kampani kapena bungwe la apantchito, ndi 50,000 kwa komiti ya ndale. Koma lamuloli silinaike malire pa ndalama zimene chipani ndi atsogoleri a m'nyumba ya malamulo angapereke kwa opikisana nawo pa chisankho chachikulu. Zotsatira zake zinali zoti phungu wamba anamangidwa manja posaka yekha ndalama, pamene mtsogoleri wake sanamangidwe.

Madigan ankayang'anira matumba anayi: lake lotchedwa Friends of Michael J. Madigan, la aphungu a chipani lotchedwa Democratic Majority, la chipani m'chigawo chonse, ndi la wodi 13. Phungu amene mpando wake unali pangozi ankalandira ndalama, makalata okopa ovota, ndi anthu ozolowera kuyenda khomo ndi khomo ochokera ku wodi 13. Akapambana, voti yake yoyamba ku Springfield inali yosankha sipikala. Apa mpamene panagona mphamvu yeniyeni ya Madigan, kuposa pa mfundo iliyonse ya zachuma. Kafukufuku wa boma lalikulu atayamba, madola mamiliyoni angapo a m'thumba lake la kampeni anapita kwa maloya.

Mlandu wa ComEd

Commonwealth Edison, kapena kuti ComEd, ndi kampani yogawa magetsi kumpoto kwa Illinois, ndipo mitengo yake imadalira malamulo a chigawo. Mu 2011 nyumba ya malamulo inavomereza njira yatsopano yowerengera mitengo ya magetsi ngakhale bwanamkubwa Quinn anakana kusaina. Mu 2016 inavomerezanso lamulo lothandiza malo awiri opangira magetsi a nyukiliya a Exelon, kampani yomwe ndi mwini wa ComEd.

Mu July 2020 ComEd inavomera kuti kuyambira 2011 mpaka 2019 inkapereka ntchito ndi makontirakiti kwa anthu a Madigan pofuna kumukopa. Ena mwa iwo analandira ndalama zokwana pafupifupi madola 1.3 miliyoni pamodzi osagwira ntchito yeniyeni. Kampaniyo inavomera kulipira chindapusa cha madola 200 miliyoni. Madigan anakana kuti analakwa, koma aphungu 19 a chipani chake ananena kuti samuvoteranso. Mu January 2021 analephera kupeza mavoti 60 ndipo Emanuel Chris Welch anakhala sipikala, munthu wakuda woyamba pa udindowu ku Illinois. Mwezi wotsatira Madigan anatula pansi uphungu ndi upampando wa chipani.

Anatsegulidwira mlandu mu March 2022, ndipo unayamba kuzengedwa mu October 2024. Umboni wambiri unali mawu ojambulidwa mobisa, ena ojambulidwa ndi khansala wa ku Chicago, Danny Solis, amene ankathandizana ndi FBI. Madigan anadziikira yekha umboni. Pa 12 February 2025 nzika zoweruza mlanduwo zinamupeza wolakwa pa milandu 10 mwa 23, yokhudza ComEd komanso pangano lopezera Solis mpando m'bodi ya boma posinthana ndi makasitomala a kampani yake ya maloya. Zinamupeza wosalakwa pa milandu 7 ndipo sizinagwirizane pa 6. Pa 13 June 2025 woweruza John Robert Blakey anamulamula kukakhala kundende zaka 7 ndi theka komanso kulipira madola 2.5 miliyoni. Madigan anachita apilo, ndipo analowa m'ndende mu October 2025 ali ndi zaka 83.